MPHATSO ZA KHIRISIMASI ZOPANGA PAKHOMO: ZIMENE ZIMAYENDA PAKATI PA BENONI NDI KUMUDZI

Mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, mabanja ambiri olankhula Chichewa ndi Chinyanja amene amakhala ku Daveyton, ku Wattville, ku Etwatwa ndi m'mapuloti ozungulira mzinda wa Benoni, kum'mawa kwa Johannesburg, amayamba kumanga akatundu. Ena amakhala akukonzekera ulendo wa kumudzi, pamene ena amakhala akudikira basi yochokera ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Tete, imene yanyamula kathumba kochokera kwa makolo. M'katundu wopita kumpoto mumapezeka mabulangete, zovala, shuga ndi mafuta ophikira. M'katundu wopita kum'mwera mumapezeka zinthu zimene zatuluka m'munda ndi m'manja mwa munthu: botolo la chiponde, nsinjiro, chikwatu cha mfutso, ufa wa kondowole, mpunga wa Kilombero, chimera, tsabola wa kambuzi, lichero ndi mthiko.

Mphatso zoterezi sizilembedwa m'mabuku a zamalonda a dziko lililonse, komabe ndi zokolola za mlimi ndipo zimadutsa malire a mayiko atatu kapena anayi zisanafike kwa mwini wake. Pali zinthu zitatu zimene zimayenda nazo limodzi. Choyamba ndi ndalama za banja pa nyengo imene ndalamazo zimasowa kwambiri. Chachiwiri ndi thanzi la anthu amene akadye mphatsoyo, makamaka ana. Chachitatu ndi tizilombo ndi matenda a mbewu, amene angathe kukwera basi m'kathumba kakang'ono n'kukatsikira kudera kumene kunalibe. Kaamba ka zimenezi, nkhani ya mphatso za Khirisimasi ikukhudza alangizi a zaulimi a mbali zonse za malire.

Njira imeneyi ndi yakale

Dzina loti Benoni linaperekedwa ku famu ina m'chaka cha 1881 ndi woyeza malo wotchedwa Johann Rissik. Golide atapezeka m'derali m'chaka cha 1887, kunatsegulidwa migodi monga New Kleinfontein, Van Ryn ndi New Modderfontein, ndipo migodiyi inafuna anthu ochuluka a ntchito. Bungwe la Wenela, limene pambuyo pake linadziwika ndi dzina loti Teba, linkalemba amuna ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo boma la Dr Kamuzu Banda linaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambanso m'chaka cha 1977, koma inadzatheratu kuchokera m'chaka cha 1988.

Migodi ya ku Benoni inatsekedwa kalekale, ndipo chimene chinatsala ndi milu ya mchenga wachikasu ndi madamu a m'kati mwa mzinda. Kuyambira m'chaka cha 2000 Benoni ali pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni. Koma ulendo wa ku Joni sunathe. Kalembera wa South Africa wa m'chaka cha 2022 anapeza anthu pafupifupi 199,000 obadwira ku Malawi. Ambiri mwa amene ali kum'mawa kwa Johannesburg amagwira ntchito za m'mafakitale, zomangamanga, za m'nyumba ndi zosamalira maluwa ndi madimba m'mapuloti. Njira yawo yopitira kumudzi ndi ya makilomita oposa 1,500: kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenaka kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo opita ku Katete ndi ku Chipata amakhotera ku Chanida. Katundu amakhala masiku awiri kapena atatu m'ngolo ya basi, m'chigwa chotentha cha Zambezi, nthawi zina akuvumbwa ndi mvula.

Disembala wa ku Benoni ndi Disembala wa kumudzi

Ku Benoni mafakitale ambiri ndi makampani a zomangamanga amatseka cha pakati pa Disembala, pafupi ndi tchuthi cha pa 16, n'kudzatsegula mu Januwale. Antchito ena amalandira ndalama zapadera za kutha kwa chaka, ndipo masitolo amakhala atakongoletsedwa kuti ndalamazo zithere momwemo. Kumudzi zinthu zimakhala zosiyana. Mvula yobzalira imagwa kuyambira pakati pa Novembala mpaka mu Disembala, choncho masiku a Khirisimasi amapeza mlimi ali pakalikiliki wa kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza wobereketsa. Nkhokwe zambiri zimakhala zayamba kupepuka, mitengo ya chimanga m'misika imakhala ikukwera, ndipo mu Januwale ana amafuna fizi, makope ndi yunifolomu.

Apa ndi pamene mphatso yopanga pakhomo imaonetsa phindu lake. Banja la kumudzi limene lasinja chiponde ndi mtedza wa m'munda mwake silinagulitse nkhuku kapena chimanga kuti likondweretse mwana wake wa ku Joni. Nalonso banja la ku Daveyton limene laphika jamu wa mapichesi, lafutsa nkhwani, kapena lasoka madiresi a ana pa makina a pakhomo kuti lipatse anansi ndi abale, latsala ndi ndalama zoti litumize kumudzi pa nthawi imene thumba la feteleza likufunika. Feteleza wobereketsa amathiridwa patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Ndalama yofika mu Febuluwale, ngakhale ichuluke bwanji, siingabweze masabata amenewa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mlangizi angathe kuthandiza mabanja kuti aike pamalo pamene padzawapindulire.

Chiponde ndi nsinjiro: mphatso yofunika maso

Mwa mphatso zonse zopita kum'mwera, mtedza ndi umene umakondedwa kwambiri. Mtedza wa Chalimbana, wa maso akuluakulu, ndi wokoma kukazinga. Mtedza wofiira wa CG7, umene unatulutsidwa m'chaka cha 1990 kuchokera ku ntchito ya kafukufuku wa SADC ndi ICRISAT ku Chitedze, ndipo ku Zambia umadziwika kuti MGV4, uli ndi mafuta ambiri, motero umapanga chiponde chofewa bwino. Mtundu umene ku Malawi amautcha Nsinjiro ndi womwewo umene ku Zambia amati Chishango ndipo ku Mozambique amati Mamane. Mayina ndi osiyana koma vuto la mtedza wa mu Disembala ndi limodzi m'mayiko onsewa, nalo ndi chuku.

Mtedza umakumbidwa kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni. Pofika pa Khirisimasi umakhala utasungidwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo miyezi yomalizirayo imakhala yotentha ndi yachinyezi. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus, chimene chimakhala m'nthaka, chimalowa m'makoko pamene mbewu yakumana ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, pamene makoko abooledwa ndi chiswe kapena khasu, ndiponso pamene mtedza wasungidwa usanaumitsitse. Chukuchi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika koyamba m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. M'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, poizoniyu amayambitsa khansa ya chiwindi, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo kafukufuku waonetsa kuti ana amene amamudya kawirikawiri amakonda kupinimbira.

Malamulo a South Africa salola chakudya cha anthu kukhala ndi aflatoxin woposa mamaikulogalamu 10 pa kilogalamu imodzi. Kuti muyesowu umveke kwa alimi, mlangizi angathe kunena kuti ndi magalamu 10 okha m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Maso ochepa chabe oola ndi okwanira kuipitsa botolo lonse. Mu Febuluwale 2024 mitundu ingapo ya chiponde inachotsedwa m'masitolo a South Africa kaamba kopezeka ndi poizoni wopitirira muyeso. Ngati zimenezi zingachitike kumafakitale kumene kuli makina oyezera, ndiye kuti pakhomo, pamene palibe choyezera china koma maso ndi manja, pafunika kusamala koposa.

Pali chizolowezi chimene alangizi ayenera kulimbana nacho. Mabanja ambiri amasankha mtedza wabwino n'kukagulitsa, ndipo wofwapa, wosweka ndi wakuda amausinja kuti ukhale nsinjiro kapena chiponde, poganiza kuti ukasinjidwa kuipa kwake sikuonekanso. Poizoni wambiri amakhala m'maso otsalirawo. Kukazinga ndi kuphika kumapha chuku koma sikuchotsa poizoni amene chukucho chasiya kale. Chizolowezi china ndi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda. Chinyezi chimenechi chimadzutsa chuku m'masiku ochepa.

Chiponde chabwino cha mphatso chimayambira pa mtedza wosungidwa ndi makoko ake, pathandala, m'nyumba yosadontha. Mtedza wouma bwino umalira m'makoko ukagwedezedwa ndipo diso lake limathyoka msanga likalumidwa. Usendedwe wouma, patatsala masiku ochepa kuti usinjidwe, kenaka usankhidwe palichero masana kukuwala. Ukakazingidwa ndi kupukusidwa khungu, usankhidwenso kachiwiri, chifukwa mawanga achikasu, abulauni kapena akuda amene khungu limabisa amaonekera bwino diso likagawika pakati. Maso otayidwa asapatsidwe ana, nkhuku kapena ng'ombe za mkaka, akwiriridwe. Mtondo, munsi ndi botolo zikhale zouma kotheratu, ndipo botololo likhale lotsekeka bwino. Nsinjiro za mtedza wosakazinga sizichedwa kuchita chuku ndi kununkha mafuta, choncho ndi bwino kutumiza mtedza wosankha bwino woti akasinje okha kusiyana ndi nsinjiro zomangidwa m'pepala la pulasitiki zimene zikatuluke thukuta pa Tete.

Mfutso, ndiwo za m'nyengo yachisanu

Benoni ali pamalo okwera mamita oposa 1,600. Mvula imagwa kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi, kawirikawiri masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala, ndipo kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumagwa chisanu chowauka chimene chimapha maungu, nyemba ndi bonongwe usiku umodzi. Banja limene linabzala maungu ndi khobwe kuseri kwa nyumba mu Okutobala limakhala ndi nkhwani ndi chitambe zochuluka mu Disembala, kuposa zimene lingadye. Kufutsa masamba amenewa n'kugawira anansi ndi mphatso imene idzakumbukiridwe mu Julayi, pamene masamba akumudzi sapezeka ndipo kabichi yekha ndiye ali pamsika.

Kafutsidwe kachikale kamafuna kukonzedwa pang'ono. Masamba akawiritsidwa nthawi yaitali n'kuyanikidwa padzuwa lamphamvu, amataya gawo lalikulu la vitamini A ndi vitamini C. Njira yabwino ndi kuthyola masamba anthete m'mawa, kuwatsuka, kuwaviika m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka kuwayala mopyapyala pathandala la pamthunzi pamene mphepo ikudutsa. Mfutso wouma bwino umakhalabe wobiriwira ndipo umafumbutuka ukafinyidwa. Kumudzi umasungidwa m'chikwatu cha masamba a msuku chopachikidwa kukhitchini. Ku Benoni chitini kapena botolo lotsekeka limagwira ntchito yomweyo. Njira imeneyi ndi yoyeneranso pa khwanya, chisoso, luni, denje ndi therere.

Olima masamba kum'mawa kwa Johannesburg ayenera kuchenjezedwa za chinthu chimodzi chimene kumudzi kulibe. Fumbi la milu ya migodi ndi madzi otuluka m'migodi yakale zimakhala ndi asidi ndi zitsulo zoipa m'thupi. Dambo la Blesbokspruit, limene madzi ake amachokera mbali ya Benoni kupita ku Springs, linaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 1986, koma pofika m'chaka cha 1996 linali litalembedwa m'gulu la madambo oonongeka kaamba ka madzi a m'migodi. Dimba la masamba lisakhale m'tsinde mwa mulu wa mgodi, lisathiriridwe ndi madzi ochokera kumeneko, ndipo masamba atsukidwe bwino asanafutsidwe.

Thobwa ndi jamu

Phwando la Khirisimasi lopanda thobwa silikwanira, kaya ndi ku Ntcheu, ku Angonia kapena ku Wattville. Mphamvu ya thobwa ili m'chimera. Mawere, mapira kapena chimanga zikaviikidwa ndi kumera, njere zimapanga michere yosungunula sitachi kuti asanduke shuga. N'chifukwa chake phala lolimba limasanduka lamadzi ndi lotsekemera chimera chikathiridwa. Michereyi imagwira bwino ntchito phala likakhala pa madigiri a pakati pa 60 ndi 70. Likakhala lowira imafa, ndipo likazizira kwambiri thobwa limasasa lisanatsekemere. Amayi odziwa amadikira kuti phala lileke kubwadamuka ndi kutulutsa nthunzi yambiri asanathire chimera. Chimera cha mapira chiyenera kuumitsidwa bwino ndi kupukusidwa kuti mizu ndi timphukira tichoke, popeza timphukira ta mapira timakhala ndi poizoni wa mtundu womwe uli m'chinangwa chowawa. Chimera chochita nkhungu chitayidwe. Popeza chimera cha mapira chimagulitsidwa m'masitolo a South Africa, palibe chifukwa chonyamulira njere zomera kuchokera kumudzi.

Ophika jamu ku Benoni amadandaula kawirikawiri kuti jamu wawo amapsa asanafike pa muyeso wolembedwa m'mabuku. Chifukwa chake ndi kukwera kwa malo. Ku Nsanje kapena ku Tete, kumene ndi kotsika, madzi amawira pafupi ndi madigiri 100 ndipo jamu amagwira pa madigiri 104 kapena 105. Ku Benoni madzi amawira pa madigiri 94 kapena 95, motero jamu amagwira asanafike pa 100. Njira yodalirika ndi kudontheza jamu pang'ono pambale yozizira: akachita makwinya pomukankha ndi chala, wapsa. Shuga akhale wolemera pafupifupi mofanana ndi zipatso, pathiridwe madzi a mandimu, ndipo mabotolo awiritsidwe nthawi yotalikirapo kuposa kumalo otsika. Tsabola wa kambuzi woti aikidwe m'mafuta ayambe waumitsidwa kotheratu, chifukwa tsabola wamuwisi wotsekeredwa m'mafuta angathe kubala poizoni woopsa wosamveka fungo.

Zoluka ndi zosema

Mkeka wa mlaza, mphasa ya bango, lichero ndi dengu la nsungwi, chipande, mthiko ndi chikho ndi mphatso zimene zimakhala zaka zambiri ndipo zimapatsa ndalama amisiri a kumudzi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nankafumbwe wamkulu, amene akatswiri amamutcha Prostephanus truncatus, kwawo ndi ku Central America. Anafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, analowa m'Malawi kudzera kumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo zaka khumi zisanathe anali atapezeka ku Zambia, ku Mozambique ndi kumpoto chakum'mawa kwa South Africa. Kachilomboka sikadya chimanga ndi makaka a chinangwa okha. Kamaboolanso mitengo youma, nsungwi ndi ziwiya za mtengo. Dengu limene lakhala m'nkhokwe, kapena mthiko wosemedwa ku mtengo wa nkhokwe yakale, zingathe kukhala ndi tizilombo tamoyo m'kati.

Mphatso yoluka kapena yosema ipangidwe ndi zipangizo zatsopano, zopanda khungwa, ndipo isasungidwe pafupi ndi chimanga. Isanamangidwe igogodedwe pansalu yoyera: timabowo tozungulira ndi ufa wogwa ndi chizindikiro chakuti muli alendo. Zinthu zing'onozing'ono, pamodzi ndi mpunga, nyemba ndi ufa, zingathe kuikidwa m'thumba la pulasitiki lomanga bwino n'kusiyidwa mufiriji yoziziritsa mpaka madigiri 18 pansi pa ziro kwa sabata imodzi. Kuzizira kotere kumapha tizilombo ndi mazira ake. Kumene kulibe magetsi, kukulunga chinthucho m'pulasitiki wakuda n'kuchisiya padzuwa la Okutobala kwa masiku angapo kumathandiza. Mankhwala a fumbi osungira chimanga asathiridwe m'ufa, m'mfutso kapena m'ziwiya zodyera.

Mbewu si mphatso wamba

Palibe mphatso imene imaperekedwa ndi mtima wabwino kuposa mbewu, ndipo palibenso imene ingaononge kwambiri. Munthu wochokera ku Joni amaona chimanga cha m'minda ya ku Delmas ndi ku Bapsfontein n'kulakalaka abale ake atabzala chomwecho. Zovuta zake ndi zingapo. Munthu wofika kumudzi pa 20 Disembala amapeza nthawi yabwino yobzala itadutsa m'madera ambiri. Chimanga chogula ngati chakudya ndi mbewu ya haibulidi yobwereza, imene sibereka ngati kholo lake. Mitundu yopangidwira malo okwera ndi ozizira a South Africa siinayesedwe pa matenda a masamba a kumadera otentha ndi achinyezi, ndipo yambiri ndi ya njere zofewa zimene sizikonoleka bwino mumtondo ndipo zimafumbwa msanga. Kaamba ka vuto la njere zofewali akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH17 ndi MH18, za njere zolimbirapo, m'chaka cha 1990. Kuonjezera apo, gawo lalikulu la chimanga cholimidwa ku South Africa ndi cha mitundu yosinthidwa chibadwa, imene kulowa kwake kumayendetsedwa ndi malamulo apadera: la ku Malawi la m'chaka cha 2002 ndi la ku Zambia la m'chaka cha 2007. Wofuna kuthandiza abale ndi mbewu atumize ndalama mu Okutobala kuti akagule mbewu yovomerezeka kwa wogulitsa wa m'dera lawo.

Mbewu zopita kum'mwera nazo zili ndi zovuta zake. Nandolo wochedwa kucha wa ku Mulanje ndi ku Zomba amapsa ndi chisanu ku Benoni asanabereke. Choopsa kwambiri ndi mbewu zobzala ndi mitengo, ana kapena zigwegwe. Matenda a chisaka cha nthochi, amene anaoneka ku Malawi m'zaka za m'ma 1990 ndipo anatha minda ya nthochi ku Nkhata Bay, ku Nkhotakota, ku Thyolo ndi ku Mulanje, amafalikira patali kudzera m'ana a nthochi ooneka ngati abwinobwino. Ku South Africa anapezeka koyamba m'chaka cha 2015 ku KwaZulu-Natal. Mitengo ya chinangwa imanyamula matenda a khate ndi oola mizu, ndipo kholowa wobzala amanyamula mavairasi a mbatata.

Zipatso zaziwisi nazo zisanyamulidwe. Disembala ndi mwezi wa mango, ndipo palibe amene safuna kulawitsa mwana wobadwira ku Joni mango a kwa agogo ake. Koma ntchentche ya zipatso yochokera ku Asia, yotchedwa Bactrocera dorsalis, imene inaoneka ku Kenya m'chaka cha 2003 ndipo inafika ku Limpopo m'chaka cha 2010, imaikira mazira pansi pa khungu pamene diso silingaone. Mango odula mopyapyala, oviika m'madzi a mandimu ndi kuumitsa bwino amakoma chimodzimodzi, sabwanyuka panjira, ndipo alibe mphutsi. Mondokwa wamuwisi naye angathe kubisa mbozi ya ntchemberezandonda yachilendo, imene inafalikira m'mayiko onse a kuno kum'mwera m'chaka cha 2017.

Pachipata cha dziko

Mayiko onse a m'njirayi ali ndi malamulo oteteza mbewu. South Africa anakhazikitsa lamulo la Agricultural Pests Act m'chaka cha 1983, ndipo kuyambira mu Epulo 2023 oyendera zomera pa Beitbridge ali pansi pa bungwe la Border Management Authority. Malawi anakonzanso lamulo lake la Plant Protection Act m'chaka cha 2018, ndipo ziphaso zotsimikiza kuti zomera zilibe matenda zimaperekedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, monga ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Ku Zambia ntchitoyi ili m'manja mwa Plant Quarantine and Phytosanitary Service. Mbewu, zipatso zaziwisi, mizu, mitengo yobzala ndi dothi zimafuna chilolezo cha dziko kumene zikupita ndi chiphaso cha dziko kumene zikuchokera, ngakhale zichepe motani. Nsomba zouma, nyama ndi uchi zili ndi malamulo akeake. Zakudya zokazinga, zophika, zopera ndi zouma zimanyamula chiopsezo chochepa, komabe woyenda ayenera kuonetsa zonse kwa oyendera pachipata ndi kufunsiratu ku ofesi ya zaulimi asananyamuke. Mphatso yolandidwa pa Beitbridge ndi thukuta la mayi lotayika pachabe.

Zimene alangizi angachite

M'mera m'poyamba. Uphungu wa mphatso za Khirisimasi woperekedwa mu Disembala ndi wochedwa, chifukwa ubwino wa chiponde unatsimikizika kale pa tsiku lokumba mtedza. Kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni, alangizi aphunzitse kukumba mtedza pa nthawi yake ndi kuumitsa makoko osakhudza dothi, ndipo mabanja apatuliretu thumba la mtedza wabwino wodya ndi wopatsa abale. Mu Malichi ndi Epulo, pamene masamba ali ochuluka kumudzi, makalabu a amayi aonetsedwe kafutsidwe ka pamthunzi. Mu Seputembala ndi Okutobala, pamene kuli dzuwa, zoluka ndi zosema zikonzedwe ndi kuyanikidwa, ndipo uthenga upite kwa abale a ku Joni kuti ndalama za mbewu ndi feteleza zifike mvula isanagwe. Mu Novembala ndi pamene chiponde chisinjidwe, mango oyamba aumitsidwe ndi katundu amangidwe m'zotengera zosalowa madzi.

Alangizi a m'maboma otumiza anthu ambiri ku South Africa, monga Mzimba, Nkhata Bay, Mangochi ndi Dedza, komanso a ku Chipata, ku Katete ndi ku Angonia, amadziwa makomo amene ali ndi ana kunja. Anzawo ogwira ntchito ndi alimi a madimba a m'matauni ku Ekurhuleni amakumana ndi ana omwewo kumbali inayo. Mipingo, mizikiti, magulu othandizana pa maliro ndi madalaivala onyamula katundu ndi njira zimene uthenga ungadutsemo mwachangu kuposa kalata ya ku ofesi. Uthengawo ndi waufupi ndipo mlimi aliyense angathe kuusunga pamtima: chodyedwa chisankhidwe ndi kuumitsidwa, choluka ndi chosema chigogodedwe, ndipo chobzala chigulidwe kumene chikabzalidwe.